Pomwe Ankabwerera A Sakala

Lamlungu lapitali chinakwana chaka chimwalirireni a Sakala, ndipo mwana wawo Tisa anatiitanira kunyumba kwake ku Greenbelt, kuno ku Amereka, kuti tikapemphere ndi kumwa tiyi. Abusa analankhula mokoma za kufatsa kwa malemuwo. Ine ndinangoweramitsa mutu kubisa phwete, chifukwa a Sakala amene ndinkawadziwa ine sanali ofatsa, ndipo abusa omwewo sanaiwale tsiku limene anasiyidwa pa masitepe.

Za masitepezi ziyenera kulongosoledwa. A Sakala sankasiya mlendo pakhomo. Ukangoti ndapita, iwo anali atavala kale chipewa, nsapato zili kuphazi, chikwama chako chili m'manja mwawo. Tonsefe tinakula tikuperekeza alendo, koma ambiri mwambowu tinausiya pabwalo la ndege pamodzi ndi nyemba zomwe anatilanda. A Sakala anadutsa nawo, ndipo anali ndi muyeso wawowawo. Munthu wamba ankamufikitsa poimika magalimoto. Amene ankamukonda ankamufikitsa pa siteji ya basi, pansi pa mtengo waukulu umene uli pakona, n'kuima naye mpaka basi itabwera. Ngati wabwera pa galimoto, ankakwera nawe mpaka pamtengopo, n'kutsika, n'kubwerera wapansi. Amene ankamulemekeza kwambiri ankayenda naye mpaka ku siteshoni ya sitima ya Metro, ulendo wa theka la ola kwa munthu wa miyendo yabwino. Koma ukawalakwira, ankangotsika nawe masitepe, n'kuima pa sitepe yomaliza, n'kukuuza kuti uyende bwino. Unkadziwa wekha kuti uli pa mlandu.

Abusa analakwa chonchi. Mbale wina wa ku Rockville atataya mayi ake kumudzi, iwo anamutumizira vesi pa foni, basi nkhani yatha. A Sakala anawaitanira kunyumba, anawapatsa tiyi ndi mbatata, n'kuwauza kuti maliro sapepesa ndi chala. Abusa anayankha zoti kuno n'kotanganidwa, misewu n'njodzaza, anthu samayenderana osapangana. Tsiku limenelo anasiyidwa pa sitepe yomaliza, ndipo mbiri inafika kwawo ku Silver Spring iwo asanafike. Lachiwiri lotsatira anaoneka ku Rockville atanyamula buledi ndi shuga.

A Sakala anabwera kuno ali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, akazi awo atamwalira. Tisa ndiye anawatenga, poona kuti ku Chipata atsala okha, ndipo nyumba yawo anaigulitsa asananyamuke. Moyo wawo wonse anagwira ntchito ku positi, kuyambira pa njinga yogawira makalata mpaka pa tebulo lowasankhira, ndipo chilichonse ankachiona ngati munthu wa ku positi. Mnyamata wosakhazikika pa ntchito ankati alibe adiresi. Munthu wolankhula zambiri zopanda mutu ankati ndi envulopu yaikulu yopanda kanthu. Ine, pokhala wa ku Ntcheu, ankanditcha phukusi lochokera ku Nyasalande, ndipo tinakangana zaka zonse kuti Chichewa chenicheni chili kwa ndani. Ankati ife a ku Malawi timalankhula ngati tikuwerenga Baibulo. Ine ndinkawabwezera kuti iwo a ku Zambia Chichewa anachigula pa salaula, kaunjika wa kwawoko. Tikatero ankaseka mpaka kutsokomola, kenako n'kundiperekeza mpaka pamtengo, ngakhale kuti nyumba yanga inali mdadada wachitatu kuchokera pa yawo ndipo kumtengoko sikunali njira yanga.

Poyamba zinkanditopetsa, sindibisa. Munthu wachokera ku ntchito, miyendo ikuwawa, ndipo mdala akukuzungulitsa ngati ng'ombe ya pa ngolo. Koma iwo ankati m'nyumba mlendo amalankhula ndi makoma ndi mipando, nkhani yeniyeni imatuluka panjira, pamene simukuyang'anana m'maso. Sankanama. Zimene ndinawauza pakati pa khomo lawo ndi mtengo uja, chaka chimene mayi anga ankadwala ine ndili kuno wopanda mapepala oyendera, sindinaziuze munthu wina aliyense mpaka lero. Anamvetsera akuyenda mbali ya kumsewu, monga ankachitira nthawi zonse, kuti galimoto ikasokonekera iyambire iwo.

Vuto linali lakuti a Sakala sankasiyanitsa mlendo wa kwathu ndi mlendo wa kuno. Aliyense wogogoda pakhomo anali mlendo. Wokonza mipope anaperekezedwa mpaka pa galimoto yake, bokosi la zipangizo lili m'manja mwa nkhalamba. Wobweretsa chakudya choitanitsa pa foni anathamanga, iwo ali pambuyo pake kumufunsa za makolo ake. Atsikana awiri olalikira khomo ndi khomo anafikitsidwa pamtengo, ndipo sanabwerenso. Ife tinkaseka pa tchalitchi. Tisa yekha ndiye sankaseka, chifukwa ankadziwa kuti dziko lino munthu wachikuda woyenda pambuyo pa mnzake popanda chifukwa chooneka amaitanirwa apolisi.

Zinaphulika ndi Mayi Coleman, amene a Sakala ankawatchula kuti Mai Kolomani. Anali mayi wachikulire wachikuda wa konkuno, wamasiye, wokhala yekha pansi mu mdadada woyandikana nawo, wosapatsa moni munthu. Tsiku lina makalata a Tisa anasokera m'bokosi lawo, ndipo anawabweretsa okha pakhomo. A Sakala anathokoza m'Chingerezi chawo cha m'makalata a boma, anavala chipewa, n'kutsika nawo. Mayiwo anafulumiza, iwonso anafulumiza. Mayiwo anaima, iwonso anaima. Kenako, poona kuti mayi wamkulu chotero wanyamula jumbo ya zogula, anaigwira kuti awalandire. Mayi Coleman anakuwa, mazira anasweka, ndipo anthu anasuzumira m'mawindo.

Patapita masiku atatu kunabwera kalata yochokera ku ofesi yoyang'anira nyumbazo. Dandaulo la Mayi Coleman silinali loyamba, analipo enanso awiri. Kalatayo inati pakadzabweranso lina, dzina la a Sakala lidzachotsedwa pa pangano la nyumba ndipo sadzaloledwa kukhala pamalopo. Tisa anabwera kwanga akulira ndi mkwiyo. Anati watopa, ntchito yake ya ku Washington siingapirire za apolisi, nyumba ina sangaipeze msanga, ndipo wayamba kale kuyang'ana tikiti. Atate ake akakhale kwa msuweni wawo ku Chipata, kumene angaperekeze anthu mpaka ku Mchinji ngati akufuna.

A Sakala anamva za tikitiyo. Sindinawaonepo ali ndi mantha kupatula tsiku limenelo. Anandiperekeza mwakachetechete, ndipo titafika pamtengo anavula chipewa n'kuchiyang'ana m'kati.

"Amake Dalitso," anatero, "ku positi tinali na chidindo chimodzi chamene nenze kuzonda maningi, kudana nacho zedi. Kalata ikasowa mwine wake, uidinda kuti ibwerere kwamene yachoka. Yayenda ulendo wonse, yafika, koma kulibe woilandira. Manje Tisa afuna kunidinda."

Sikuti ankadana ndi kwawo. Chipata ankaitchula tsiku lililonse. Chimene ankaopa n'kubwerera ngati munthu amene dziko la eni lamukana, kukafikira pakhonde la msuweni, anthu n'kumanong'ona kuti mdala uja ku Amereka anamuthamangitsa chifukwa cholondola akazi.

Ku ofesi kunaitanidwa msonkhano, ndipo ine ndinapita ngati mboni. Manijala anali mtsikana waulemu amene ankangofuna kuti nkhani ithe. Mayi Coleman anakhala pafupi ndi chitseko, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Tisa anapepesa, anapepesanso, n'kulongosola kuti ndi mwambo wa kwathu, ndipo mawu akuti mwambo anagwa pansi osatoledwa ndi aliyense. Tinali titapangana kuti a Sakala angonena kuti pepani, sindidzachitanso. Ananenadi. Koma atanena sanakhale pansi. Anatembenukira kwa Mayi Coleman n'kufunsa m'Chingerezi, mofatsa, ngati akufunsa njira:

"Mayi, munagwira zaka zingati ku positi?"

Tisa anatseka maso. Manijala anayang'ana m'mapepala ake, poganiza kuti mwina mdalayu wakhala akufufuza za moyo wa mayiwo, zomwe zikanakhala mlandu wina pamwamba pa unzake. Mayi Coleman anafunsa ndi mawu ouma kuti wawauza ndani.

"Palibe," anayankha a Sakala. "Musanandipatse makalata aja munawagogoda kawiri pachikhatho kuti alingane, n'kuwatembenuza adiresi iyang'ane kwa ine. Zimenezo sachita munthu wamba. Komanso munthu wamba kalata ya eni amangoiponya pamwamba pa mabokosi. Inu munakwera nayo masitepe. Ndinaona kuti pakhomo panga pafika mnzanga wa ntchito, ndiye ndikanamusiya bwanji atsike yekha?"

Mayi Coleman anaweramitsa mutu. Anayang'ana manja awo ngati awaulula chinsinsi, kenako anaimirira n'kutuluka. A Sakala, mwa chizolowezi, anatambasulira dzanja ku chipewa, ndipo Tisa anawakoka jekete mwamphamvu mpaka batani linathothoka. Chenjezo linakhalabe. Tinabwerera kunyumba aliyense ali ndi maganizo ake, ndipo Tisa ananena poyera kuti mwezi ukatha atate ake akwera ndege, chifukwa sakhulupirira kuti angasinthe.

Koma a Sakala anasunga lonjezo, ndipo ndimo munali chisoni. Milungu itatu sanaperekeze munthu. Mlendo akatsanzika, ankafika pakhomo, zala za kuphazi zili pa mzere wa chitseko, n'kuima pomwepo ngati mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi. Chipewa chinakhala pa msomali. Anasiya kudya bwino, anasiya kukangana nane za Chichewa, ndipo nditawaputa dala kuti ku Zambia kulibe nyimbo ya maliro yomveka, anangoti mwina n'zoona. Ndinatuluka m'nyumbamo ndikulira, ndipo panalibe wondiperekeza.

M'milungu imeneyo ndi mmene tinadziwira kuti miyendo ya mdalayu inafika patali kuposa mmene tinkaganizira. Wokonza mipope uja, bambo wa ku El Salvador, anafunsa ku ofesi ngati agogo a pa nambala sikisi akudwala. Bambo wina wa pansi, amene ankapita kuchipatala katatu pa mlungu kukatsukidwa magazi, anakwera masitepe movutikira kudzafunsa kuti bwanji masiku ano akudikira yekha galimoto yomutenga. Tisa sankadziwa n'komwe kuti atate ake amadziwana ndi bamboyo. Anthu amenewa sanapite kukachita chionetsero, dziko lino satero pa nkhani ya mdala mmodzi. Koma manijala anamva, ndipo ndikhulupirira kuti Mayi Coleman, amene windo lawo linayang'ana njira yonse ya kumtengo, anaona okha kuti njirayo yauma.

Linali Loweruka masana, sutikesi ili kale pabalaza, pamene kunamveka kugogoda. Ine ndinalipo, ndinkathandiza Tisa kupinda zovala. A Sakala anatsegula. Pakhomo panali Mayi Coleman, atavala chikhoti cha kutchalitchi, m'manja muli envulopu. Anaigogoda kawiri pachikhatho, n'kuitembenuza, n'kuipereka. Munali kope la kalata imene analembera ofesi, yochotsa dandaulo lawo ndi kupempha kuti chenjezo lifafanizidwe. A Sakala anaiwerenga yonse ataimirira, mpaka pa siginecha, n'kuthokoza. Mapazi awo sanadutse mzere wa chitseko.

Mayi Coleman sanachoke. Anayang'ana chipewa chili pa msomali, n'kuyang'ana mwini wake.

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi," anatero. "Munafunsa. Tsono mundisiya nditsike ndekha masitepe amenewa ndi bondo langali?"

Sindinaonepo munthu wa zaka zimenezo akuvala nsapato mwachangu chotero. Ine ndi Tisa tinathamangira pa windo ngati ana. Anatsika masitepe, anadutsa khomo la mayiwo osaima, anadutsa poimika magalimoto, anafika pamtengo, ndipo pamtengopo sanaimenso. Anabwerako dzuwa litapendeka, atafika ku siteshoni ndi kubwerera, mayi wa bondo lopweteka uja akuseka mokweza moti tinawamva ali pakona. Tisa anakhala pa sutikesi n'kulira, kenako anaitsegula n'kuyamba kubwezera malaya a atate ake mu kabati. A Sakala atalowa sananene kanthu za tikiti. Anangondiyang'ana n'kunena kuti nyimbo za maliro za ku Malawi n'zaulesi, zimagonetsa ndi malemu omwe.

Anakhala zaka zina zisanu ndi zinayi, ndipo sanasinthe kanthu kupatula chimodzi: anaphunzira kufunsa kaye. Ankavula chipewa n'kunena kuti kwathu timaperekeza mlendo, kodi mundilola? Ena ankakana, iwo osakhumudwa. Ambiri ankalola. Mayi Coleman anakhala wowalankhulira, ndipo aliyense wosamukira kumene pamalopo ankauzidwa tsiku loyamba kuti akaona mdala wa chipewa akuyenda pambali pake asaope, ameneyo ndi wathu. Mawu akuti perekeza analowa m'kamwa mwa anthu osadziwa kumene Chipata ili. Ndinamvapo ndi makutu anga mayi wa ku Ethiopia akukalipira mwamuna wake m'Chingerezi kuti mlendo wanyamuka, iwe wangokhala, kamuchite perekeza. A Sakala ankadandaula kuti akutchula mawuwo molakwika, koma ankayenda ngati mfumu.

Anthu akwathu ongofika kumene ankatumizidwa kwa iwo, ndipo ankawalandira poyenda. Pakati pa khomo ndi siteshoni munthu ankaphunzira basi yoyenera kukwera, sitolo yopezeka ufa woyera, ndi mmene ungayankhire mzungu akakufunsa kuti uli bwanji koma osaima kuti amve yankho. Malangizo awo sanali akuti tayani za kwanu, komanso sanali akuti limbanani ndi eni dziko. Ankati ukayenda siya phazi, ndipo ankawonjezera kuti phazilo likhale lako, osati lobwereka. Ine ndikuganiza kuti pamenepa ankadzitama pang'ono, chifukwa phazi lawo linatsala pang'ono kuwakwezetsa ndege. Ndinawauzapo zimenezi, ndipo tsiku limenelo ndinasiyidwa poimika magalimoto.

Miyendo itayamba kukana, muyeso unafupika koma sunathe. Siteshoni inasanduka mtengo, mtengo unasanduka khomo la pansi. Mwezi wawo womaliza, ali pa bedi, ankaperekeza ndi maso mpaka pachitseko cha chipinda, ndipo ankalamula Tisa kuti atsike ndi mlendo m'malo mwawo, n'kumuuza pomufikitsa. Abusa aja atabwera kudzawapatsa mgonero, a Sakala ananong'oneza Tisa kuti awafikitse pamtengo. Abusa anamva, ndipo anatuluka akupukuta magalasi.

A Sakala anali atanena kale kuti akagone pafupi ndi akazi awo ku Chipata. Tsiku lonyamula thupi kupita ku bwalo la ndege, Mayi Coleman anaumirira kuti galimoto ya maliro idzere kunyumba. Tinkayembekezera anthu a kutchalitchi okha. Koma m'mawa umenewo zitseko zinatseguka mdadada ndi mdadada. Kunali wokonza mipope atavala tayi, mkazi wa bambo wa kuchipatala uja amene anali atatsogola kale, banja la ku Ethiopia, manijala amene anali atasamukira kwina koma anamva, ndi anthu ena ambiri amene ine sindinkawadziwa koma onse ankadziwa chipewa chimene Tisa ananyamula. Galimoto inayenda pang'onopang'ono mpaka pa geti, ife tili pambuyo tikuimba, a ku Zambia ndi a ku Malawi nyimbo imodzi, eni dziko akung'ung'udza nawo. Pa geti galimoto inalowa mumsewu waukulu n'kupita. Tinafika pamtengo, pomwe a Sakala ankabwerera, ndipo tinaima osadziwa chochita. Mayi Coleman, akukankha chowathandiza kuyenda, anadutsa pakati pathu n'kunena kuti munthu uyu si wa pamtengo. Tinayenda tonse mpaka ku siteshoni, ndipo zinatitengera ola lathunthu chifukwa palibe amene anafuna kuwapitirira mayiwo.

Ndinalira tsiku limenelo, koma mtima unali wodzaza ndi kunyada. Anapitadi ku Chipata monga Tisa anafunira kale lija, koma sanabwezedwe. Anaperekezedwa.

Lamlungu lapitali, mapemphero atatha, tinatsanzika. Tisa anavala chikhoti n'kutsika nafe, ndipo pansi tinapeza Mayi Coleman akudikira pakhomo pawo kuti atifikitse poimika magalimoto, pomwe bondo lawo limawalola masiku ano. Ine ndinapitirira ndekha mpaka pakona, ngakhale si njira yanga. Mtengo ulipo, benchi ilipo, ndipo basi imabwerabe mochedwa. Kumbali ya kumsewu, pafupi ndi muzu umene unatukula simenti, pali kamalo pomwe udzu unafa chifukwa cha nsapato ziwiri zimene zinaima pamenepo zaka zonse zija. Chaka chino udzu wayamba kumeranso. Anthu odikira basi amaima uku ndi uku, ena awiriawiri, mmodzi atanyamula chikwama cha mnzake, koma pakamalo kaja saimapo. Basi itabwera sindinakwere. Ndinadikira kuti inyamuke, ndinaikwezera dzanja monga ankachitira iwo, n'kubwerera ndekha, mbali ya kumsewu ili yopanda munthu.